Mayi Ethelwynn Trewavas, Mlembi wa Mayina a Nsomba

Songani ndi malo a malonda amene ali pamsewu waukulu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, m'chigwa cha mtsinje wa Domasi. Pa tsiku la msika anthu amafika ndi malonda osiyanasiyana kuchokera m'midzi yozungulira. Mbali ina ya msikawo kumakhala ogulitsa nsomba. Ena amaika matemba ouma pamilu ing'onoing'ono, ena amagulitsa milamba yowamba, ndipo ena amagulitsa makumba. Zina mwa nsomba zimenezi zimachokera ku nyanja ya Chilwa, kumene mtsinje wa Domasi umakathira madzi ake.

Mwana aliyense wa m'chigwa chimenechi amawadziwa makumba. Koma ndi anthu owerengeka amene amadziwa kuti makumba a ku Chilwa ali ndi dzina lina limene lidalembedwa m'mabuku a sayansi a m'maiko onse. Dzinalo ndi Oreochromis shiranus chilwae. Mawu oti shiranus akunena mtsinje wa Shire, ndipo mawu oti chilwae akunena nyanja ya Chilwa. Munthu amene adapereka dzina lomalizirali m'chaka cha 1966 adali mayi wina wa ku England, dzina lawo Ethelwynn Trewavas. Mayiwa adakhala ndi moyo zaka 92, ndipo zaka zoposa 60 mwa zimenezi adazithera pa zinthu ziwiri zimene ankazikonda koposa: mabuku ndi zolengedwa za m'madzi.

Ubwana ndi maphunziro

Mayi Trewavas adabadwa pa 5 Novembala 1900 mumzinda wa Penzance, m'chigawo cha Cornwall, kum'mwera chakumadzulo kwa dziko la England. Mzindawu uli m'mphepete mwa nyanja yamchere, pafupi ndi doko la asodzi lotchedwa Newlyn. Masiku amenewo atsikana opita kutali ndi sukulu adali ochepa, ndipo anthu ambiri ankaganiza kuti maphunziro a sayansi ndi a amuna okha. Komabe iwo adalimbikira mpaka adakalowa m'koleji ya mumzinda wa Reading. M'chaka cha 1921 adatsiriza maphunziro awo, nalandira digiri ya sayansi pamodzi ndi satifiketi ya uphunzitsi.

Kwa zaka zingapo adagwira ntchito ya uphunzitsi. Pambuyo pake adapita ku London, kumene adalembedwa ntchito yothandiza ophunzira pa koleji ina ya amayi. Ntchitoyi sinkawatengera tsiku lonse, choncho nthawi yotsalayo ankaigwiritsa ntchito pofufuza za nyama. Nyama yoyamba imene adaifufuza mozama idali chule.

Aliyense amene adagonako pafupi ndi dambo nthawi ya dzinja amadziwa phokoso la achule. Ena amalira mokweza, ena motsitsa, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kaliridwe kake. Mayi Trewavas adafuna kudziwa mmene kholingo la chule lidapangidwira. Adayang'anitsitsa pakhosi pa achule a mitundu yambiri ochokera m'maiko osiyanasiyana, najambula tiziwalo tonse tating'onoting'ono timene adatipeza. Zimene adalemba pa nkhaniyi zidawapezetsa digiri yapamwamba ya udokotala wa sayansi. Udokotala umenewu si wa m'chipatala ayi, koma ndi ulemu umene sukulu ya ukachenjede imapereka kwa munthu amene watulukira nzeru zatsopano.

M'nyumba ya mabotolo ndi mabuku

Mumzinda wa London muli nyumba yaikulu yosungiramo zachilengedwe, imene pa nthawiyo idali mbali ya British Museum. M'nyumbayi amasungamo mafupa a nyama, zikopa za mbalame, tizilombo, masamba a mitengo ndi miyala zochokera ku mbali zonse za dziko lapansi. Nsomba amazisunga m'mabotolo odzaza ndi mankhwala oletsa kuola, ndipo pa botolo lililonse pamalembedwa malo ndi chaka chimene nsombayo idagwidwa. M'nyumba yomweyo mulinso mabuku ambirimbiri ofotokoza za zolengedwazo.

Mkulu wa nyumbayi adali Charles Tate Regan, katswiri wotchuka wa nsomba. Iyeyu ataona luso la Mayi Trewavas adawatenga m'chaka cha 1928 kuti azimuthandiza. Ntchito yawo yoyamba idali yolongosola nsomba zimene sitima ya pamadzi ya ku Denmark, yotchedwa Dana, idagwira pansi penipeni pa nyanja zamchere. Kumeneko kuwala kwa dzuwa sikufika, ndipo kumakhala mdima usana ndi usiku. Zina mwa nsombazo zili ndi kachingwe pamutu, ndipo kunsonga kwa kachingweko kumawala ngati kanyali. Nsomba zing'onozing'ono zikatsata kuwalako zimangothera m'kamwa mwa mwini kanyali. Awiriwa adalemba mabuku ofotokoza nsomba zodabwitsazi.

M'chaka cha 1935 Mayi Trewavas adalembedwa ntchito yokhazikika m'nyumbayi. Akazi ogwira ntchito yotere adali owerengeka kwambiri. Anzawo a pantchito ankangowatchula ndi malembo oyamba a mayina awo, E.T.

Mmene nsomba imapatsidwira dzina

Mwina wina angafunse kuti nsomba ifuniranji dzina lina pamene asodzi adaipatsa kale dzina. Chifukwa chake nachi. Nsomba imodzi ikhoza kukhala ndi dzina lina kwa Achewa, lina kwa Ayao, lina kwa Atonga ndi linanso kwa Ankhonde. Nthawi zina dzina limodzi limaimira mitundu itatu kapena inayi ya nsomba zofanana maonekedwe. Tsono anthu a zilankhulo zosiyana akafuna kukambirana za nsomba imodzi, pamafunika dzina limene onse angagwirizanepo. Katswiri wina wa ku Sweden, Carl Linnaeus, amene adamwalira m'chaka cha 1778, ndiye adakhazikitsa njira yopatsa cholengedwa chilichonse mayina awiri a Chilatini. Dzina loyamba lili ngati mfunda kapena dzina la banja, ndipo lachiwiri ndi la mtundu umodzi wokha wa m'banjamo.

Ntchito yopereka mayinawa ndi yofuna kudekha. Mayi Trewavas ankatulutsa nsomba m'botolo ndi kuiyeza kutalika kwake, kukula kwa mutu ndiponso kwa diso. Kenaka ankawerenga mamba kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndi minga ya m'zipsepse zake. Atatero ankaika nsagwada zake pa maikulosikopu, chipangizo chokulitsa zinthu zing'onozing'ono, kuti aone maonekedwe a mano. Nsomba za m'banja la chambo zili ndi mano enanso pakhosi, ndipo manowa amasonyeza chakudya chimene nsombayo imadya. Zonsezi ankazilemba m'kope, ndipo ankabwereza ntchito yomweyo pa nsomba yachiwiri, yachitatu, mpaka makumi angapo.

Akatha apo ankatembenukira ku mabuku. Padafunika kuwerenga zonse zimene akatswiri akale adalemba, zina m'Chingerezi, zina m'Chifalansa, zina m'Chijeremani, kuti aone ngati nsombayo idalembedwa kale kapena ayi. Akatsimikiza kuti ndi yatsopano, ankaifotokoza bwinobwino m'malemba, naipatsa dzina. Nsomba imodzi ya mtunduwo inkasungidwa m'botolo kuti ikhale mboni, kotero kuti munthu wokayika, ngakhale patapita zaka 100, akhoza kupita kukadzionera yekha. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito imeneyi mwambiwu umapherezera ndithu.

Nsomba za m'nyanja ya Malawi

Nsomba zoyamba za m'nyanja ya Malawi kufika ku London adazitola ndi John Kirk, amene ankayenda ndi David Livingstone, ndipo zidalembedwa m'mabuku m'chaka cha 1864. M'chaka cha 1922 Regan adalembanso za mitundu ina yambiri. Kenaka m'zaka za 1925 ndi 1926 dokotala wina, Cuthbert Christy, adayenda m'mphepete mwa nyanjayi natola nsomba zikwi zingapo, zimene adazitumiza ku London. Ntchito yolongosola nsomba zonsezi idagwera Mayi Trewavas.

Zimene adapeza m'mabotolomo zidali zodabwitsa. Nsomba zambiri zidali za banja limodzi lalikulu, banja la chambo, utaka ndi mbuna, koma pakamwa pake padali posiyanasiyana. Zina zidali ndi mano ambiri osanjikizana, oyenera kupala ndere pamiyala. Zina zidali ndi mano a pakhosi ofanana ndi mphero, ophwanyira nkhono. Zina zidali ndi kamwa lalitali losakira nsomba zinzake m'mapanga a miyala. Padalinso kansomba kena kamene chakudya chake ndi mamba ndi zipsepse za nsomba zinzake, ndipo adakatcha Genyochromis mento. Nsomba ina yaikulu yodya zinzake adaitcha Aristochromis christyi pokumbukira Christy amene adaitola.

M'chaka cha 1935 adasindikiza ndondomeko ya nsomba za banja limeneli za m'nyanja ya Malawi. M'ndondomekoyo mudali mitundu yoposa 100, ndipo makumi angapo mwa mitunduyo idali isadalembedwepo m'buku lililonse. Chodabwitsa n'chakuti pa nthawiyi mayiwa adali asadaione nyanjayo ndi maso awo.

Ulendo wa ku Nyasaland

Nsomba ya m'botolo imaphunzitsa zambiri, koma siinena zonse. Ikakhala nthawi yaitali m'mankhwala imasuluka, ndipo munthu sangadziwe ngati idali yobiriwira, yachikasu kapena yamawangamawanga. Botolo silinenanso kumene nsombayo imakonda kukhala, mwezi umene imaswana, ndiponso ngati ili yokoma kudya.

Mwayi woona zimenezi udapezeka m'chaka cha 1939. Dziko lino pa nthawiyo linkatchedwa Nyasaland, ndipo boma la atsamunda linkachita kafukufuku wa zakudya za anthu m'midzi ina ya m'boma la Nkhotakota. Popeza nsomba ndi ndiwo yomanga thupi, boma lidafunanso kudziwa kuchuluka kwa nsomba za m'nyanja ndi mmene anthu ankazigwirira. Lidasankha anthu atatu kuti achite ntchitoyi: Mayi Trewavas, mayi wina wachitsikana wophunzira za nyama dzina lake Kate Ricardo, ndi John Borley, amene ankagwira ntchito m'boma la Nyasaland.

Anthu atatuwa adatha miyezi ingapo akuyendera madoko a m'mphepete mwa nyanja. Ankaona nsomba zimene zinkatuluka m'makoka, m'matchera ndi m'miono. Ankaziyeza, kuzitumbula kuti aone zimene zidadya, ndiponso kuona ngati zili ndi mazira. Apa Mayi Trewavas adasonyeza khalidwe limene adadziwika nalo moyo wawo wonse. Ngakhale adali ophunzira kwambiri, iwo ankafunsa eni dera ndi kumvetsera mayankho awo. Asodzi ankadziwa mayina a nsomba, kuzama kwa madzi kumene mtundu uliwonse umapezeka, ndi nyengo imene umasendera kugombe. Nzeru zimenezi asodziwo adazilandira kwa makolo awo, ndipo mudalibe m'mabuku a ku London.

Nkhani ya chambo ndi chitsanzo chabwino. Kwa munthu wogula pamsika chambo chonse ndi chimodzi. Koma asodzi ankasiyanitsa mitundu ingapo, ndipo mayiwa atayeza mitu, nsagwada ndi mano a pakhosi adapeza kuti padalidi kusiyana. M'chaka cha 1941 adalemba mitundu iwiri ya chambo imene idali isadalembedwe. Umodzi adautcha karongae, kutengera dzina la Karonga. Winawo adautcha lidole, dzina limene asodzi eni ake ankautchula. Motero liwu la asodzi a kunyanja kuno lidalowa m'mabuku a sayansi, ndipo lili momwemo mpaka lero.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idayamba m'mwezi wa Seputembala 1939, ndipo lipoti la anthu atatuwa lidasindikizidwa m'chaka cha 1942. Nkhondo itatha, mayi winanso wachitsikana, Rosemary Lowe, adafika kunyanjaku m'chaka cha 1945 kudzapitiriza kafukufuku wa chambo, ndipo adakhalako mpaka 1947. Ntchito yake idamangidwa pa maziko amene Mayi Trewavas ndi anzawo adaika.

Kupuma kopanda kupuma

M'chaka cha 1958 Mayi Trewavas adakwezedwa kukhala wachiwiri kwa mkulu wa chigawo cha nyama m'nyumba yosungiramo zachilengedwe ija. Adapuma pa ntchito m'chaka cha 1961, ali ndi zaka 60. Anthu ambiri akafika msinkhu umenewu amaika zida pansi. Iwo adapitiriza kupita ku mabotolo ndi mabuku awo, ndipo mabuku awo aakulu koposa adalembedwa atapuma kale pa ntchito.

M'nyengo imeneyi ndi mmene adafufuza za makumba. Adaona kuti makumba kawirikawiri amakhala ndi minga 4 pa chipsepse cha kumunsi, chimene chili pafupi ndi mchira, pamene chambo chimakhala ndi minga 3. Adaonanso kuti makumba a ku Chilwa amasiyana pang'ono ndi a mumtsinje wa Shire ndi a m'nyanja ya Malawi, choncho m'chaka cha 1966 adawapatsa dzina lawolawo.

Nyanja ya Chilwa ndi yosiyana ndi nyanja zina za m'dziko lino. Imalandira madzi kuchokera m'mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, koma ilibe mtsinje wotulutsa madziwo. Ndi yosazama, ndipo madzi ake ndi amchere pang'ono. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, nyanjayi imaphwa. Patangopita zaka ziwiri makumba a ku Chilwa atalembedwa, nyanjayi idauma m'chaka cha 1968, ndipo nsomba zosawerengeka zidafa. Idaumanso m'chaka cha 1995, ndipo m'chaka cha 2018 mbali yaikulu idasanduka matope ong'ambika. Nthawi zoterezi nsomba zimene zimapulumuka ndi zimene zathawira m'madambo ndi m'maiwe a m'mitsinje yothira m'nyanjayo. Madzi akabwerera, nsomba zomwezi ndizo zimaswana n'kudzazanso nyanja. N'chifukwa chake anthu okhala m'mbali mwa mtsinje wa Domasi ali ndi udindo waukulu. Munthu amene athira mankhwala ophera nsomba m'dziwe la mumtsinje pa chaka cha chilala amawononga mbewu ya nyanja yonse.

M'chaka cha 1970, ali pafupi kukwanitsa zaka 70, Mayi Trewavas adapita ku Cameroon, kumadzulo kwa Africa, kukaona nsomba za m'kanyanja kotchedwa Barombi Mbo. Kumenekonso adafunsa eni dera, ndipo mayina monga myaka ndi pungu, amene asodzi a kumeneko ankatchulira nsomba zawo, adawasandutsa mayina a sayansi.

Mabuku awiri aakulu

M'chaka cha 1983, atapitirira zaka 80, adatulutsa buku la masamba oposa 500 lonena za nsomba za mtundu wa chambo ndi abale ake a mu Africa monse. Kale nsomba zonsezi zinkaikidwa m'gulu limodzi lotchedwa Tilapia. Iwo adazigawa poyang'ana matupi ake ndiponso mmene zimalerera ana.

Pali zina, monga chilunguni, zimene zimaikira mazira pachisa chokumbidwa pansi pa madzi, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimathandizana kulondera mazira ndi ana. Pali zinanso, monga chambo ndi makumba, zimene kalereredwe kake n'kosiyana. Yaimuna imakonza chisa chozungulira ngati mbale pamchenga. Yaikazi imaikira mazira pamenepo, kenaka imawatola ndi kuwasunga m'kamwa mwake. Mazirawo amaswa ali m'kamwa momwemo, ndipo masiku onsewo mayiyo sadya mokwanira. Ngakhale ana atayamba kusambira okha, akaona choopsa amathamangira m'kamwa mwa mayi wawo. Nsomba zolera motere adaziika m'gulu lotchedwa Oreochromis.

Nzeru zimenezi zili ndi ntchito ngakhale m'chigwa cha Domasi. Ku Domasi kuli malo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba m'maiwe, ndipo alimi ambiri a m'boma la Zomba amaweta makumba ndi chilunguni. Mlimi wa nsomba ayenera kudziwa mtundu umene waika m'dziwe lake, chifukwa mitunduyi imasiyana kadyedwe ndi kaswanidwe. Chilunguni chimakonda masamba ndi udzu wanthete, pamene makumba amadya kwambiri ndere ndi tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi.

Buku lachiwiri lidatuluka m'chaka cha 1989, iwo ali pafupi kukwanitsa zaka 90. Adalilemba pamodzi ndi David Eccles, amene adagwira ntchito ya kafukufuku wa nsomba ku Monkey Bay kwa zaka zambiri. M'bukuli adalongosola mitundu yambirimbiri ya nsomba za m'nyanja ya Malawi imene kale idaunjikidwa pa dzina limodzi, naigawa m'mabanja ake oyenera. Dzina la sayansi la gulu la utaka, loti Copadichromis, lidachokera m'buku limeneli.

Masiku otsiriza

Ntchito ya Mayi Trewavas idalemekezedwa iwo akali moyo. Bungwe la akatswiri a zachilengedwe la Linnean Society ku London lidawapatsa mendulo yake yaulemu, ndipo m'chaka cha 1986 sukulu ya ukachenjede ya Stirling ku Scotland idawapatsa digiri yaulemu. Akatswiri anzawo adatchanso nsomba zingapo dzina lawo. Imodzi mwa izo ndi mbuna yokhala m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, imene Geoffrey Fryer adaitcha Labeotropheus trewavasae m'chaka cha 1956.

Mayiwa sadali ouma manja ndi nzeru zawo. Ankalangiza achinyamata amene ankayamba ntchito yofufuza za nsomba. Mmodzi mwa iwo adali Ad Konings wa ku Netherlands, amene pambuyo pake adalemba mabuku ambiri a zithunzi za nsomba za m'nyanja ya Malawi. Ukalamba utakula, maso a Mayi Trewavas adayamba kuchita chidima, ndipo sankathanso kuona timano ta nsomba timene adatiwerenga kwa zaka zambirimbiri. Pamenepo adatenga maikulosikopu yawo naipereka kwa Konings kuti ntchitoyo isaime. Adamwalira pa 16 Ogasiti 1993 mumzinda wa Reading, komwe adachitira maphunziro awo ali mtsikana.

Phindu la dzina

Lero akatswiri amanena kuti m'nyanja ya Malawi muli mitundu ya nsomba yoposa 700, kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, ndipo yambiri mwa mitunduyi sipezeka kwina kulikonse. Pofuna kuteteza chuma chimenechi, boma lidakhazikitsa malo osungirako zachilengedwe a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear m'chaka cha 1980, ndipo m'chaka cha 1984 bungwe la UNESCO lidaika malowa m'gulu la malo ofunika kwa anthu a dziko lonse.

Komabe chambo chachepa kwambiri. Asodzi achuluka, ndipo ena amagwiritsa ntchito maukonde a maso ang'onoang'ono, ngakhale masikito otetezera udzudzu, amene amakokolola ndi kasawala yemwe, ndiye kuti ana a chambo. Khoka likagwira chambo chachikazi chimene chili ndi mazira m'kamwa, limapha mayi pamodzi ndi ana ake mazanamazana. N'chifukwa chake boma limaletsa usodzi wa makoka kuyambira mwezi wa Novembala, nyengo imene chambo chimaswana. M'chaka cha 2018 bungwe la IUCN, limene limayang'anira za zolengedwa zimene zili pangozi, lidalengeza kuti mitundu itatu ya chambo ili pafupi kutheratu. Iwiri mwa mitunduyo ndi karongae ndi lidole, imene Mayi Trewavas adailemba m'chaka cha 1941. Lidole ndilo lidasowa koposa, moti akatswiri ena adayamba kuopa kuti mwina lidatha kale.

Chikhala kuti chambo chonse chinkawerengedwa ngati mtundu umodzi, anthu sakadazindikira kuti lidole likusowa, chifukwa pamsika pakadapezekabe chambo cha mitundu ina. Mbusa amene sadziwa mbuzi zake imodziimodzi sazindikira msanga kuti ina yatsala kuthengo. Ntchito ya Mayi Trewavas idali yothandiza anthu kudziwa nsomba zawo mtundu ndi mtundu, kuti athe kuziwerenga ndi kuzisamala.

Ntchito imeneyi siidathe, pakuti m'nyanja ya Malawi mukadali nsomba zambiri zimene zilibe mayina a sayansi. Masiku ano Amalawi eni ake, amuna ndi akazi, akuphunzira za nsomba m'sukulu za ukachenjede za m'dziko lino. Chiyambi cha maphunziro otere ndi chapafupi. Mwana wa ku Songani amene watumidwa kukagula ndiwo akhoza kutambasula chipsepse cha kumunsi cha makumba ndi kuwerenga minga yake, kenaka n'kufunsa wogulitsayo kumene nsombayo idagwidwa ndi dzina limene eni ake amaitchula. Akalemba mayankhowo m'kope lake, ndiye kuti wayamba ntchito yomwe Mayi Trewavas adaigwira moyo wawo wonse.

Matanthauzo a mawu

kholingo: chiwalo cha pakhosi chimene chimatulutsa mawu
zipsepse: ziwalo zimene nsomba imasambirira
kusuluka: kutha kwa mtundu wa chinthu, monga nsalu ikachapidwa kambiri
ndere: tizomera tobiriwira toterera tomera m'madzi ndi pamiyala
mono: msampha wa nsomba wolukidwa ndi nsungwi kapena bango
kasawala: chambo chaching'ono chimene sichidakhwime

Mafunso

1. Kodi Mayi Trewavas adabadwira kuti, ndipo adakhala ndi moyo zaka zingati?
2. Tchulani nyama imene adayamba kuifufuza asadayambe ntchito ya nsomba.
3. N'chifukwa chiyani zolengedwa zimapatsidwa mayina a sayansi?
4. Fotokozani zinthu zitatu zimene katswiri amachita asadapatse nsomba dzina latsopano.
5. Kodi mayiwa adaphunzira chiyani kwa asodzi pa ulendo wa m'chaka cha 1939?
6. Siyanitsani mmene chilunguni ndi chambo zimalerera ana.
7. N'chifukwa chiyani maiwe a mumtsinje wa Domasi ali ofunika nyanja ya Chilwa ikauma?
8. Fotokozani tanthauzo la mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ntchito

Funsani makolo anu kapena asodzi a kwanuko mayina a nsomba zimene zinkapezeka kale mumtsinje kapena m'nyanja ya kufupi ndi kwanu. Lembani mayinawo m'makope mwanu, ndipo muike chizindikiro pa nsomba zimene sizikuonekanso masiku ano.